Tikongoletse matebulo a zisangalalo ndi zathu, ndipo mkeka tisauiwale

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma imene imadya ndalama zambiri m'mabanja a mumzinda uno wa Lilongwe, ndipo nthawi zina imasiya abale akubwerera kwawo mitima ili yowawa. Ndikunena za kakongoletsedwe ka malo odyera pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano, pa Pasaka, pa chinkhoswe ndiponso pa misonkhano ina imene imakumanitsa anthu a mtundu umodzi. Ndine mayi amene ndakhala ndikuphika ndi kuyala matebulo pa zochitika za kumpingo ndi za pachibale kwa zaka zambiri, ndipo ntchitoyi ndimaikonda ndi mtima wanga wonse. Choncho sindikulemba kuti ndiletse anthu kukongoletsa, chifukwa mlendo akapeza kuti malo amene adyerepo akonzedwa mosamala amadziwa kuti eni nyumba anamuganizira iye asanafike. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti masiku ano tikukongoletsa kuti chithunzi chidzaoneke bwino pa Facebook ndi pa WhatsApp, pamene anthu amene akudzadya, amene ndiwo eni tebulolo, sitikuwalabadira.

Mwezi wa Novembala ukangolowa, masitolo a mu Old Town ndi a ku City Centre amadzaza ndi mitengo ya pulasitiki, thonje loyera loyerekeza chipale, timipira tonyezimira ndi maluwa ofiira opangidwa ku fakitale, ndipo ife timagula ndi kudzaunjika patebulo pamene kunja mvula ikugwa, chimanga chikufika m'mawondo ndipo ana akutola mango pansi pa mitengo. Anthu a kumaiko a kumpoto amene tikuwatsanzirawo ali ndi chifukwa chomveka chochitira zimene amachita. Kwawo Disembala ndi mwezi wozizira kwambiri, dzuwa limalowa msanga, mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, ndiye amatenga nthambi za paini zimene zimakhalabe zobiriwira n'kuyatsa makandulo kuti m'nyumba muwale. Iwo amakongoletsa ndi zimene nyengo yawo yawapatsa. Ife tatenga katundu wawo, nzeru imene inali kumbuyo kwake taisiya. Chitsanzo chabwino ndi duwa lija la poinsettia, lochokera ku Mexico, limene kumaiko amenewo limatengedwa ngati duwa la Khirisimasi. Chomerachi chimafiira usiku ukatalika, n'chifukwa chake kuno kwathu chimafiira m'nyengo yozizira, cha mu Juni ndi Julayi, ndipo chimakhala chili pachimake m'mipanda ya nyumba zambiri pamene tikukondwerera ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi. Nthawi imeneyo timachidutsa osachiyang'ana, koma pofika Disembala timakagula cha pulasitiki ndi ndalama zokhetsera thukuta.

Chikhalirecho dziko lathu silisowa chokongoletsera m'mwezi uliwonse. Pa Khirisimasi pamakhala mango a mitundumitundu, ena achikasu, ena ofiirira m'mbali, pamakhalanso masuku otsiriza, nthochi ndi zinanazi, ndipo udzu ndi masamba zimakhala zitabiriwira ndi mvula yoyamba. Mitengo ya flamboyant imene imafiiritsa misewu ya mzinda uno kuyambira nthawi ya dzuwa imakhala ikadali ndi maluwa ena, ndipo bougainvillea sasowa pa mpanda wa mnansi. Pa Pasaka minda imakhala itacha: pali dowe, maungu, mtedza wauwisi, nkhaka, misale ndi mapeyala, ndipo palibe chokongoletsera chogula chimene chingapose maungu awiri atatu a maonekedwe osiyana ataikidwa m'lichero latsopano pamodzi ndi chimanga chosenda pang'ono. M'nyengo yozizira amabwera manachesi a ku Mwanza, malalanje ndi malambe. Pa tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, dzuwa limakhala likuswa mtengo koma jakaranda amakhala atavala maluwa ake, ndipo kanthambi kamodzi kokha m'botolo lotsuka bwino kamasintha nyumba yonse. Ubwino wa zokongoletsera zotere ndi wakuti zambiri mwa izo zimadyedwa. Chakudya chikatha, lichero la mango lija limazungulira, ana amagawana, agogo amatengako awiri kumangira pa chitenje, ndipo palibe chimene chimatsala choti chikasungidwe pamwamba pa kabati kudikira fumbi la chaka chamawa.

Ndichenjezepo pang'ono apa, popeza si chomera chilichonse chokongola chimene chiyenera kuyandikira chakudya. Zomera zotuluka utomoni woyera ngati mkaka, monga nkhadze, frangipani, oleander ndi poinsettia yemweyo, zisaikidwe pamene ana angazigwire kenaka n'kutema nsima ndi dzanja lomwelo, ndipo oleander ndiye woopsa zedi. Maluwa othyola panja ayambe agwedezedwa ndi kutsukidwa kuti nyerere zisatsikire m'ndiwo.

Ndifotokoze mmene tebulo wamba la pabalaza lingakonzedwere popanda kulowa m'sitolo ya zinthu zodula. Choyamba ndi nsalu yoyera kapena ya mtundu umodzi, yochapa ndi kusita bwino, ngakhale itakhala nsalu yakale ya pabedi imene sinang'ambike. Pamwamba pake pamabwera chitenje, chopinda katatu m'litali mwake, n'kuchiyala pakati kuchokera kumutu kwa tebulo mpaka kumapeto, kuti m'mbali mutsale malo oyera oikapo mbale. Chitenje chatsopano chiyambe chachapidwa pachokha m'madzi ozizira, chifukwa zina zimasuluka, ndipo msuzi wa nkhuku ukadonthapo utoto umalowerera pa nsalu yoyera ija. Mayi amene ali ndi makina, kapena telala wa pakhonde la sitolo, angathe kudula chitenje china cha mamita awiri n'kupanga tinsalu topukutira m'manja tokwanira banja lonse, ndipo tinsalu timeneti timachapidwa n'kugwiranso ntchito pa chisangalalo chotsatira. Pakati pa tebulo pakhale lichero kapena nsengwa ya zipatso, kapena kamphika kadothi kokhala ndi maluwa afupiafupi. Pansi pa mabakuli otentha payalidwe timikeka toluka ndi mlaza, kuti nsalu isapse ndipo tebulo lisachite zipsera. Amayi athu ankalukanso tinsalu toyera ta ulusi, tija tovundikira jagi ya madzi, tokhala ndi mikanda m'mphepete kuti mphepo isatiulutse. Luso limenelo likuzilala, koma m'magulu a amayi a Chigwirizano, a Dorika ndi a Katolika mukadali manja amene amalidziwa, ndipo atsikana athu angaphunzire ngati titawatumiza.

Pa nkhani ya chitenje pali chinthu chimodzi chimene ndimaumirira. Chitenje cha chipani chisayalidwe patebulo la banja, ngakhale eni nyumba atachikonda chotani, pakuti pachibale pamakhala anthu otsatira zipani zosiyana, ndipo malume amene wayenda ulendo wautali kuchokera ku Kasungu kapena ku Ntcheu asakakamizidwe kudyera pankhope ya munthu amene iye sanamuvotere. Chitenje cha mpingo nachonso, makamaka chokhala ndi mtanda kapena mawu a m'Baibulo, n'chovala, sichoikapo mafupa a nsomba.

Zinthu zonse ndatchulazi zili ndi anthu amene amazipanga, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu ovutika amene amadalira manja awo. Malichero ndi madengu a nsungwi, mikeka ya mlaza ndi mphasa za bango zimabwera panjinga kuchokera m'midzi yozungulira mzinda uno, ndipo zimapezeka mumsika waukulu wa Lilongwe ndi m'misika ya m'madera monga Kawale, Area 25 ndi Likuni. Pafupi ndi positi ofesi ya mu Old Town pali osema amene amagulitsa mbale ndi masupuni a mtengo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a ife timaganiza kuti katundu wawo ndi wa alendo ochokera kunja okha. Ku Dedza kuli malo oumba mbale, makapu ndi majagi, Dedza Pottery, amene katundu wake amafika m'maiko akutali pamene ife oyandikana nawo sitimuganizira tikafuna mphatso ya ukwati. Ku Mua, m'boma lomwelo la Dedza, kuli malo a zaluso a KuNgoni amene anayambitsidwa mu 1976 ndi wansembe Claude Boucher, ndipo aphunzitsa osema ambiri. Ndikudziwa kuti mbale zoumba za mtundu umenewu si aliyense angazikwanitse, ndipo sindikunena kuti banja lililonse likagule. Koma amene ali ndi ndalama yogulira mtengo wa pulasitiki wotalika kufika kudenga ali nayonso yogulira jagi imodzi yopangidwa ndi Mmalawi mnzake, imene idzakhala pabanjapo kufikira adzukulu. Ndalama yogulira lichero imakagula sopo ndi makope m'mudzi wina wa kwa Chadza kapena kwa Kalolo, pamene yogulira chipale cha thonje imatuluka m'dziko pa nthawi imene tonse tikudandaula za kusowa kwa ndalama zakunja.

Tisaiwalenso kuti chakudya chathu ndi nsima, ndipo ngakhale pa Khirisimasi pamene mpunga wa Kilombero ndi nkhuku zimalamulira, akuluakulu ambiri sakhuta asanaone mtanda wa nsima. Nsima imadyedwa ndi manja, imafuna malo oti chigongono chitambasuke, imafuna mbale ya nsima ndi mbale ya ndiwo, ndiponso malo a bakuli la masamba otendera, la nyemba ndi la nyama. Matebulo amene timaonera pa intaneti anakonzedwera anthu amene amabweretseredwa chakudya pang'onopang'ono, mbale imodzi ikachoka ina n'kubwera. Tikatengera kayalidwe kameneko timapeza kuti munthu mmodzi wapatsidwa matambula atatu, mipeni iwiri ndi mafoloko awiri, koma bakuli la nsima lasowa pokhala ndipo laikidwa pampando. Ndinaonapo gogo wina pa chinkhoswe atakhala manja ali pamiyendo, akuyang'ana zitsulo zimene zinandandalikidwa patsogolo pake, osayamba kudya kufikira mdzukulu wake atabwera kudzazichotsa ndi kumubweretsera madzi osamba m'manja. Munthu wamkulu ngati ameneyo, amene analera onse amene anali pamalopo, sayenera kuchititsidwa manyazi ndi tebulo la ana ake. Maluwa ataliatali oikidwa pakati nawonso amatchinga nkhope, moti anthu amene anasiyana chaka chathunthu amalephera kuonana pamene akucheza. Chokongoletsera cha pakati chisapitirire kutalika kwa jagi ya madzi. Makandulo ndi othandiza magetsi akathima, koma aikidwe m'botolo lagalasi kapena m'kambale kadothi, kutali ndi maluwa a pulasitiki, makatani ndi manja a ana.

Chinthu chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse pa malo odyera ndi pamene anthu asambire m'manja, ndipo n'chimene okongoletsa ambiri amachikumbukira pomalizira. Zisangalalo zathu zikuluzikulu zimagwa m'nyengo ya mvula, imene ndi nyengonso ya ntchentche ndi matenda otsekula m'mimba. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, umene unachititsa kuti masukulu a mu Lilongwe ndi mu Blantyre achedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Komabe m'nyumba zambiri beseni limodzi la madzi likuzungulirabe kuyambira kwa abambo mpaka kwa mwana wotsiriza, amene amasamba m'madzi oti asanduka kale phala. Tebulo lonyezimira limene anthu ake asamba motero ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi athiridwe kuchokera m'jagi, wosambayo atatchera manja pamwamba pa beseni, sopo ali pomwepo, ndipo aliyense apukute ndi kansalu kake kapena angowaza manja kuti aume. Ntchito yothirira alendo madzi ndi ulemu wakale umene ana athu ayenera kuphunzira, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo jagi yoyera ndi beseni lotsuka bwino, zitaikidwa pa kampando koyalapo kansalu pafupi ndi khomo, n'zokongola mwa izo zokha. Chakudya chikhale chovundikira kufikira pemphero litatha, ndipo zipatso za m'lichero zitsukidwe ndi madzi aukhondo zisanaikidwe.

Tsopano ndifike pa chimene chandipangitsa kwenikweni kulemba kalatayi. M'nyumba zambiri za mu Lilongwe tebulo limakwana anthu 6 kapena 8, pamene pa msonkhano wa banja pamabwera anthu 30 kapena kuposerapo. Chimene chimachitika n'chakuti ndalama zonse ndi luso lonse zimathera patebulo limodzi la pabalaza, pamene pamakhala abambo, abusa ndi abale amene abwera pagalimoto. Amayi amene adzuka m'mbandakucha kusonkha moto, azakhali ochokera kumudzi, ana ndi mtsikana wantchito amakadyera kuseri kwa nyumba, pamkeka wong'ambika woyalidwa pafupi ndi pothira madzi otsukira mbale, m'mbale zosweka m'mphepete, akuthamangitsa nkhuku ndi dzanja limodzi. Anthu sanena kanthu pa tsikulo, koma amaona, ndipo pobwerera m'minibasi amakambirana. Abale ena amene anasiya kubwera ku Khirisimasi ya kutauni sanasiye chifukwa cha mtengo wa thiransipoti wokha.

Sindikunena kuti onse akakamizidwe kukhala patebulo limodzi. Mwambo wathu uli ndi zifukwa zake: mkamwini sadya momasuka pamaso pa apongozi ake, amayi ambiri achikulire amakonda kukhala pansi atatambasula miyendo, ndipo ana amasangalala akakhala paokha. Kudyera m'magulu si vuto. Vuto ndi lakuti gulu limodzi lalemekezedwa, magulu enawo angotayidwa. Ngati pali ndalama yogulira nsalu ya patebulo, pakhalenso yogulira mkeka watsopano. Pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango pasesedwe, pawazidwe madzi ngati pali fumbi, ndipo ngati kukuoneka mitambo pakonzedwe malo ena m'nyumba, ngakhale zitatanthauza kutulutsa mipando ya pabalaza. Pakati pa mkeka payalidwe chitenje chofanana ndi cha patebulo chija, pakhale lichero lake la zipatso, jagi yake ya thobwa ndi mbale zofanana ndi za pabalaza. Agogo apatsidwe mtsamiro kapena kampando kotsamira khoma. Nyama imene yapita patebulo ipitenso pamkeka, osati kuti kwina kupite zidutswa za pachifuwa ndi ntchafu, kwina mapazi ndi makosi okhaokha. Mwana amene wadyera pamalo okonzedwa bwino amakula akudziwa kuti kwa amalume ake amawerengedwa, ndipo mayi amene waphika tsiku lonse ayenera kukhala pansi pamalo ooneka bwino, chakudya chikadali chotentha. Abambo ndi anyamata angathandize pa zimenezi, chifukwa kunyamula matebulo, kusesa pabwalo, kumanga lona ndi kuthyola maluwa si ntchito zoti zidikire amayi amene ali kale ndi miphika pamoto.

Nkhani ya ndalama ndingoikhudza mwachidule, popeza aliyense akuidziwa. Mabanki a m'khonde ambiri amagawana mu Disembala, ndipo Januwale amabwera ndi fizi, yunifolomu, lendi ndi feteleza wobereketsa, pa nthawi imene chimanga chimakhala chitakwera mtengo pamsika. Banja limene latenga katapila kuti libwereke nsalu zokutira mipando ndi mabaluni a tsiku limodzi limakhala likulipira chithunzi chimenecho kufikira nthawi yokolola. Palinso zinyalala. M'mawa mwa pa 26 Disembala ndi pa 2 Januwale ngalande za m'madera mwathu zimadzaza ndi mbale, makapu ndi mapepala a pulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi, ndipo mvula imazikokolera mu Lingadzi ndi mumtsinje wa Lilongwe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma lamulo silingalowe m'nyumba iliyonse kudzatiuza choyala patebulo. Kale mbale zikachepa tinkabwereka kwa anansi kapena kumpingo, titalemba chizindikiro kunsi kwake ndi utoto kuti zisasokonekere, ndipo pobweza tinkaikamo kachakudya kothokozera. Njira imeneyo ikadali yotheka m'Chilinde, mu Biwi ngakhale mu Area 47.

Achinyamata ambiri mumzinda uno apeza ntchito yokongoletsa malo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ndimawayamikira chifukwa akudzidalira m'nthawi yovuta. Pempho langa kwa iwo ndi lakuti pakati pa zitsanzo zimene amaonetsa makasitomala awo aikepo chimodzi cha zitenje, malichero, mbiya ndi zipatso za nyengoyo, ndipo akamafunsa kuti patebulo la akuluakulu pakhala anthu angati, azifunsanso kuti enawo adyera pati ndipo asambira pati m'manja. Atsogoleri a magulu a amayi m'mipingo ndi m'mizikiti, amene amalangiza atsikana okonzekera banja, aikepo phunziro limeneli pa malangizo awo. Inunso akonzi, pamene mukukonza masamba a nyengo ya zisangalalo, tumizani wojambula wanu kumsika kwa oluka malichero ndi mikeka, mutisindikizire mitengo ya katundu wawo ndi malo amene amapezeka, kuti owerenga adziwe kokagula Disembala asanafike.

Mayi wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe